Chiliza cha Zigoba cha Amalume a Layitoni

Sabata yatha msuweni wanga Kondwani analemba pa gulu lathu la banja la pafoni kuti Loweruka likubwerali tikakumane ku lesitilanti ina ku Northbridge, kuno ku Australia, tikadyere limodzi pokumbukira bambo ake, poti chaka chakwana chimwalirireni. Anaikaponso chithunzi chawo atavala suti. Anthu anayamba kuyankha, wina kuti tidzabwera, wina kuti mzimu wawo uuse mumtendere. Ine ndinawerenga, ndinaika foni pansi, ndinapita kukayanika zovala. Sindipitako, ndipo ndamuuza kale. Amalume a Layitoni sanapondeko ku Northbridge, ndipo suti imeneyo ankadana nayo, ankati imawaluma m'khwapa. Ine ndimawakumbukira atapindira buluku m'maondo, ndowa ya pulasitiki ili m'manja, ataweramira mchenga wa m'mbali mwa nyanja ngati munthu amene wataya singano.

Anali achimwene a mayi anga. Kwathu ku Ntcheu ukangotchula dzina lawo, aliyense ankadziwa kuti ukunena amisiri a ziliza. Nyumba ankamanganso, koma mongothandiza anthu. Ntchito ya pamtima pawo inali ya kumanda. Ankati nyumba mwini wake amatha kuigwetsa n'kumanga ina, koma chiliza chimakhala momwe unachisiyira, ndiye ukachimanga mwaulesi manyazi ako amakhala pamtetete mpaka kalekale. Asanagwire fosholo ankakhala kaye pansi ndi ofedwa n'kumafunsa za malemuyo: ankakonda chiyani, ankalima kuti, ankaseka bwanji. Bambo wina anamuikira timiyala ta mumtsinje umene ankawedzamo. Mayi wina woumba anamuzunguliza mapale a mbiya zake zomwe. Miyala yakuda yonyezimira imene anthu ayamba kugula m'tauni ankaiseka, ankati ili ngati chovala cha pakaunjika, chimakwana aliyense koma sichidziwa thupi la munthu.

Cha mayi anga anamanganso ndi iwo. Mayi anali telala, ndiye m'mphepete monse amalume anadindamo mabatani a m'chitini chawo chosokera. Nditapita kumudzi kukachiona ndinapezapo batani la yunifolomu yanga ya ku pulayimale, ndinakhala pansi pomwepo n'kulira ngati maliro achitika dzulo. Ndikamanena kuti munthu uyu ankadziwa kumangira wakufa, ndikudziwa chimene ndikunena.

Akazi awo, Anachisale, anamwalira m'dzinja. Mwambo wake ndi woti manda amayamba akhazikika, mvula idutsepo, dothi litsike, kenako ndiye mumange. Amalume anali kudikira chilimwe pamene Kondwani anaimba foni. Iyeyu ndi injiniya wa kumigodi kumpoto kwa Australia uko, amakwera ndege kukakhala masabata angapo, n'kubwera kudzapuma. Mkazi wake Mphatso ndi namwino, amagwira mashifiti. Mwana wawo woyamba, Tadala, anali atayamba sukulu, wachiwiri ali wakhanda. Kondwani anati bambo bwerani mudzapumitse mtima miyezi yowerengeka, mudzaone zidzukulu, chilimwe chikafika tibwerera limodzi tikamange chiliza cha amayi. Amalume anatseka nyumba, anasiya mbuzi kwa alamu awo, anakwera ndege. M'sutikesi munali levulo ndi mpeni womangira, akuti akazisiya kumudzi anyamata akanazibwereka osabweza.

Kunyanja ndinawatengera ndine, Loweruka lina kukutentha kwambiri, nditaona kuti kwa Kondwani ku Armadale akufota ndi kukhala m'nyumba. Tinapita ku Rockingham. Analawa madziwo, analavula, anati amene anathira mchere umenewu analibe chisoni. Ndinaganiza kuti zathera pomwepo, tizibwerera. Koma nditatembenuka ndinawapeza atanjuta, akusanthula mchenga ndi chala. Anatola chigoba cha nkhono, choyera kunja, chofiirira m'kati, anachipukuta pamalaya, anachiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anandifunsa ngati zimenezi zili ndi mwini wake. Nditawauza kuti pamalo amenewo zopanda kanthu m'kati munthu amatola, anavula chipewa n'kuyamba kuikamo.

Pobwerera m'galimoto ndiye anandiuza. Anachisale moyo wawo wonse sanaonepo nyanja, ngakhale ya kwathu yomwe. Chaka chilichonse amalume ankawalonjeza kuti tikakolola tipita, ndipo chaka chilichonse pankapezeka maliro a munthu wina ofuna chiliza.

"Ndiwapititsira nyanja pomwe agonapo," anatero. "Chiliza chawo chikhala cha zimenezi."

Kuchokera tsiku limenelo, eee, munthu anasanduka wa kunyanja. Munthu woti makina ochapira zovala ankawaopa ngati galu wolusa, anaphunzira yekha kukwera sitima ndi kusintha mabasi. Ana onse atayamba sukulu, ankati akawaperekeza m'mawa, ulendo wa kugombe, n'kubwerera belu loweruka lisanalire. Loweruka linali langa: Coogee, Rockingham, mpaka Mandurah tinafikako. Anazindikira kuti m'miyezi yozizira, kukaomba chimphepo, nyanja imalavula zambiri, ndipo zabwino zimabisala m'milu ya udzu wa m'nyanja wonunkha uja umene aliyense amaulambalala. Azungu oyenda ndi agalu anafika powazolowera, ena n'kumawasungira zigoba m'matumba. Mayina a m'mabuku analibe nawo ntchito, anali ndi awoawo. Zopindika ngati nyanga ankazitcha nkhosa, zathyathyathya za mizere ankati malichero, ting'onoting'ono toyera ankati mpunga. Chobooka kapena chothetheka sankachigwira n'komwe. Akapeza kuti m'kati muli kankhanu, kapena mwini wake akadali moyo, ankalowa nacho m'madzi mpaka m'maondo kukachibweza. Ine ndinkawaseka kuti amalume, ndi chifundo chotere ndowayi idzadzaza liti? Ankandiyankha kuti womangira akufa sayamba n'kuthamangitsa amoyo m'nyumba zawo, ndipo kuti mawu anga akanakhala zigoba bwenzi titadzaza lole.

Galaja ya Kondwani anailanda. Anakhoma felemu ya matabwa, mulitali ndi mulifupi mwake mwa manda, anathiramo mchenga wonyowa n'kuusalaza. Kagwiridwe kake n'kotere: zigoba umazidinda mumchenga chafufumimba, kokongola kuyang'ana pansi, ukatha umathira simenti pamwamba, ikauma umatembenuza chimwalacho n'kutsuka mchenga, ndiye nkhope yake imaoneka. M'galajamo sankafuna kuthira simenti ayi. Ankangoyesa kayalidwe, kuti akadzafika kumudzi ndi zigoba m'masutikesi asadzataye nthawi. Choncho ife tinkangoona kumbuyo kokhakokha, timbale togadama m'mizeremizere. Mmene kunsi kukuonekera ankadziwa ndi iwo okha. Ankatha masana onse akusuntha tizigoba towerengeka, kuchotsa apa, kuika apo, akung'ung'udza nyimbo ya kwaya imene Anachisale ankaikonda.

Ndi Mphatso ankakangana, koma mwaulemu wa apongozi, aliyense akulankhula ndi khoma. Tsiku lina amalume anawiritsa zigoba m'poto wa Mphatso wophikira mpunga. Nyumba yonse inanunkha ngati msika wa nsomba, ana n'kumatseka mphuno akudandaula m'Chingerezi chawo chija. Mphatso anandiimbira foni kuti galimoto yatsopano ikugona panja padzuwa, makatani akununkha, tsopano ndi poto. Ndinakawagulira amalume poto wakale kusitolo ya zinthu zogwirapo kale ntchito. Kunena zoona, pa nkhani ya poto ndinali mbali ya Mphatso.

Kutchalitchi nako kunali onong'ona, kuti munthu wamkulu wotola nkhono ndiye kuti ali ndi zake, mwina m'galajamo akuombeza ula. Mkulu wina wa mpingo anabwera kudzawayendera, Baibulo lili m'khwapa, n'kuyamba kuzungulirazungulira ndi mafunso. Amalume anamulowetsa m'galaja, anamupatsa bulashi ndi ndowa, anamuuza kuti azitsuka akulankhula. Munthu wa Mulungu anatsuka mpaka dzuwa kupendeka. Lamlungu lotsatira anatulutsa chigoba m'thumba la jekete n'kuwapatsa mobisa.

Chilimwe choyamba Kondwani anati kuntchito amukaniza tchuthi. Chotsatira anati mapepala a bambo okhalira kuno ali m'kati, akatuluka m'dziko asokonekera. Kenako kunabwera mliri, malire anatsekedwa, apo sindimunena. Koma malire atatseguka nyimbo inali yomweyo, chaka cha mawa, chaka cha mawa. Amalume ankangogwedeza mutu n'kubwerera m'galaja. Ine ndikayamba kulalata ankandiletsa, ankamuikira kumbuyo mwana wawoyo, kuti ntchito ya azungu siili ngati ya kumunda yoti ungoimika khasu n'kumapita. Ndipo Kondwani, abale inu, akamachokera kumpoto ankawabweretsera zigoba zikuluzikulu za kumeneko, zosapezeka kuno, atazikulunga m'masokosi a kuntchito. Amalume ankazilandira ndi manja awiri. Anaziyala pakati penipeni, pamtanda, akuti kuti mayi ake adzadziwe kuti mwana wawo anaikapo dzanja. Zigoba zimenezo ndi zimene zimandiwawa mpaka lero.

Zinaululikira kutchalitchi, mu holo imene timabwereka ku Cannington. Mapemphero atatha tinali kudyera limodzi monga timachitira nthawi zina. Kunali mlendo, Mayi Kamanga, a kwathu komwe, amene anali atangofika kumene kudzaona mwana wawo. Palibe anawatsina khutu. Anagwada pafupi ndi mpando wa amalume, moni, moni, za mvula, za amene anatisiya. Kenako anati:

"Koma bambo, mwana wanu anakuvekani ulemu. Chiliza cha Anachisale chija mudzi wonse umachikamba. Tinangodandaula kuti inu munadwala, simunathe kubwera."

Amalume anafunsa kuti chiliza chiti. Mayiwo, osadziwa kanthu, anatulutsa foni. Ine ndinali kumbuyo kwawo ndi mbale m'manja, ndinaona zonse. Mwala wakuda wonyezimira, zilembo zagolide. Tenti. Kwaya ya amayi. Abale onse atavala nsalu zofanana, mkulu wanga weniweni ali kutsogolo akumwetulira. Pambali pa mwalawo panaima Kondwani, atagwira nsalu yoyera yovundukulira. Ndinakumbukira ulendo umene anatiuza kuti akupita ku maphunziro a kuntchito ku Joni. Panali patadutsa zaka ziwiri.

Amalume analandira foniyo, anakulitsa chithunzi ndi zala monga zidzukulu zinawaphunzitsira, anayang'ana dzina la akazi awo. Anabweza foni n'kunena kuti zikomo mayi, n'chokongoladi. Kenako anamaliza mpunga wawo wonse, anapukuta pakamwa, anandipempha kuti ndiwaperekeze kunyumba. Kondwani sabata imeneyo anali kumgodi. Mphatso anali patebulo la ana, maso ali pansi.

M'galimoto, titadutsa Gosnells, anandifunsa:

"Iwe unadziwa?"

Ndinalumbira pali mayi anga kuti ayi.

"Chabwino," anatero. "Ukanati eya, ndikanatsika pompano."

Kondwani ndinamudikira tsiku lofika, ndinamupeza akutsitsa chikwama m'takisi. Sindinasankhe mawu, mpaka aneba anasuzumira pamawindo. Iye zifukwa anali nazo zambirimbiri. Akuti kumudzi ankamunena kuti mwana ali ku Australia koma manda a mayi ake ali ngati mzere wa mbatata. Akuti bambo akanapita sakanabwerera, akanakhala okha m'nyumba ija ndi shuga wawo, chipatala chili kutali. Akuti zigoba zimawayendetsa, ngakhale adokotala amayamikira. Akuti ankafuna kuwauza koma nthawi yabwino sinapezeke. Zina mwa izo mwina n'zoona. Koma nditamufunsa kuti nanga ana akanawaperekeza ndani kusukulu, iye ali kumgodi, mkazi wake ali pa shifiti, anangoyang'ana nsapato zake. Ndinamufunsanso kuti pokulunga zigoba m'masokosi, mwala uli kale pamanda, mumtima ankamva bwanji. Ananyamula chikwama chake n'kulowa m'nyumba. Mkulu wanga nditamuimbira anandiuza mosapsatira kuti banja linagwirizana kuti ine ndisamve, chifukwa pakamwa panga pamadontha. Ndiye kuti onsewo anakhala pansi, anakambirana, anasoketsa nsalu, anaphika, anajambulitsa, mwini wake wa maliro ali kuno ataweramira mchenga. Anthu ake omwe anawapusitsa ngati mwana, ndipo ine zimenezi sindinazikhululukire.

Amalume sanakalipe. Bola akanakalipa. Chimene chinasintha n'chakuti anasiya kunena kuti iwe Kondwani. Anayamba kumuitana kuti bambo a Tadala, inu, ngati mlendo wolemekezeka. Kondwani akabwera kudzapepesa ankamumvetsera mpaka amalize, kenako n'kumufunsa ngati ulendo wa pandege unali wabwino. Tsiku lina Kondwani anati tsopano tiyeni tipite kumudzi mukaone. Amalume anamufunsa kuti akaone chiyani. Ana okha sanawasinthire, ankawaperekezabe kusukulu m'mawa uliwonse, zikwama atawanyamulira.

Loweruka lina ndinabwera kudzawatenga kuti tipite kunyanja, anati ayi, tipite kogula simenti. Tinagula matumba ndi waya wolimbitsira. Titafika m'galaja, choyamba anazula zigoba za Kondwani zija chimodzichimodzi, anazitsuka, anaziika m'mbale, anakazisiya patebulo la kukhitchini. M'mabowomo anadzazamo timpunga tawo tija. Kenako anakanda simenti mu wilibala, ine ndikuthira madzi ndi paipi, iwo akundikalipira kuti ndachulutsa. Ndinawakumbutsa kuti chimwala chotere sichingakwere ndege. Anati akudziwa. Anathira, anasalaza ndi mpeni wawo uja, anaika levulo pakona iliyonse, anafunditsa masaka onyowa. M'mawa uliwonse ankachithirira madzi kuti chisang'aluke, mpaka chinalimba.

Chitalimba ndinati tiitane azibambo a kutchalitchi tichitembenuze, tione. Anakana.

"Chiliza amachitembenuzira pamanda, abale ake alipo," anatero. "Pano pali manda a ndani?"

Kunyanja sanapitenso. Ndowa ija inasanduka yokolopera. Ankakhala pampando m'galajamo, chitseko chili chotsegula, akuyang'ana kumsewu, phazi limodzi litatsamira chimwalacho. Ndikabwera Loweruka ankandifunsa za ana anga ndi za kuntchito, koma kundiseka kuja anasiya. Miyezi yozizira itafika anadwala chibayo, anamwalirira m'chipatala. Ndiye muone: ulendo wa kumudzi umene unakanika zaka zonse zija unakonzeka m'masiku owerengeka. Tchuthi chinapezeka, mapepala anayenda, m'ndege munali malo. Anawaika pambali pa Anachisale. Ndamva kuti mwala wawo anauoda kale kwa anthu omwe aja a m'tauni, wakuda, kuti zifanane.

Chimwala cha m'galaja ndinkafuna ndichitenge, ndikachiike kuseri kwa nyumba yanga chitatembenuzidwa, kuti ntchito yomaliza ya amalume ioneke ndi maso a anthu. Ndinamuuza Kondwani maliro asananyamuke, anavomera, anati n'chako. Atabwerako ndinapangana ndi azibambo a kutchalitchi, ndinabwereka kangolo kokoka ndi galimoto. Tinapeza palibe. Mphatso ndi amene anandiuza, ataima pakhomo, kuti Kondwani ankalephera kuchiyang'ana, ndiye anaitana anthu a makina ophwanyira. Anachiswa momwe chinagoneramo, anaponya zidutswa m'chibini chachikulu cha zinyalala, lole inadzatenga. Ndinamufunsa ngati pali amene anatembenuza ngakhale kachidutswa kamodzi kuti aone kunsi. Anati sakudziwa, iye anali kuntchito.

Ndimapitabe kunyumbako chifukwa cha ana, iwo alibe mlandu. Polowa ndimadzera kugalaja. Pansi pakadali chizindikiro, malo ooneka mbuu kusiyana ndi simenti yozungulira, mulitali ndi mulifupi mwake mwa manda, ndi zipsera za makina aja. Pakhoma pali misomali pamene ankakoleka levulo ndi chipewa. Mpando anauchotsa. M'ming'alu mukadali mchenga, Mphatso amasesa koma sutha. Fungo la nyanja linatha kalekale, pano mumanunkha mafuta. Galimoto ya Kondwani imakwanamo bwinobwino.